Kuperekeza Nsapato za Tuntufye ku Kyela

Pa zinthu zonse zimene ndinaziyamba pa moyo wanga, palibe chimene ndinganene kuti ndinachifikitsa kumapeto. Ku koleji ndinakhalako zaka ziwiri ndi theka, kenako ine ndi aphunzitsi tinagwirizana mwamtendere kuti tisiyane tisanadane. Ndinabwera ku Hara kwa bambo aang'ono, mng'ono wa malemu bambo anga, nditanyamula chikwama cha mabuku ndi Chichewa cha ku Kasungu kumene ndinakulira ndi mayi. Kuno anthu akakhala awiri amayankhula Chitumbuka, akakhala atatu wina amaponyamo Chinkhonde, ndipo ine ndikafika onse amasinthira ku Chichewa, monga mmene anthu amavulira zipewa galimoto ya maliro ikamadutsa. Anandipatsa dzina loti Pulofesa ndi ntchito yoingitsa mbalame m'munda wa mpunga. Ndi ntchito yoyenera munthu wophunzira. Umakuwa tsiku lonse, okumvera onse n'kuuluka.

Ndinalowa kagulu kothamanga chifukwa ndi malo okhawo m'sikimu yonse ya mpunga amene munthu sufunsidwa chifukwa chimene wakhalira chete. Mphunzitsi wathu ndi a Sajeni Kayira, msilikali wopuma wa ku Chilumba, amene amatitsatira pa njinga wezulo ili pakamwa. Pali Sisita Nabanda, namwino wa ku Dedza, amene amathamanga asanalowe ntchito. Panalinso Tuntufye, mlimi wa mpunga wa mapazi ngati makasu awiri, amene akathamanga pa chipupa cha ngalande achule amadumphira m'madzi iye atadutsa kale. Ena amabwera n'kumapita. Okhazikika tinali ifeyo.

A Sajeni ali ndi lamulo limodzi lokha, akuti analitenga ku usilikali. Wofika woyamba pa chitseko cha madzi, kumapeto kwa ngalande yaikulu, sakhala pansi. Amabwerera kukatenga wotsalira, n'kudzafika naye limodzi. Wotsogola timamutcha mutu, wotsalira mchira. "Nyama ikafika padziwe yopanda mchira, ndiye kuti yadyedwa panjira," amatero a Sajeni. Kwa chaka chathunthu mutu anali Tuntufye, mchira ndinali ine. M'mawa uliwonse, pa mtengo wa mango wopendama, ndinkamuona akubwera, n'kutembenuka, n'kukhala kumanja kwanga. Mawu ake anali awiri basi: "Chimbira, Pulofesa." Kuchimbira ndiko kuthamanga. Ine ndinkaona ngati chimenechi ndi chilango chake cha tsiku ndi tsiku, ndipo ndinkamumvera chisoni.

Mvula ili pafupi kutha, kunamveka za mpikisano wa makilomita makumi awiri ndi imodzi ku Kyela, kutsidya kwa Songwe, ku Tanzania. Mnzawo wakale wa a Sajeni, amene amasunga othamanga pa kampu ina kumapiri a Mbeya, analonjeza kuti adzakhalapo, ndipo Tuntufye akadzalowa m'gulu la khumi oyambirira adzamutenga. Kwa mnyamata amene mbiri yake yonse inali pa ngalande imodzi, khomo linali lomwelo. Vuto linali nsapato. Pa ngalande amathamanga wopanda, koma ku Kyela ndi tala ndi miyala, ndipo chidendene chake chakumanzere chinali ndi mng'alu. Nsapato zomukwana zinalipo peya imodzi m'boma lonse la Karonga, zobiriwira, za pa kaunjika, zitayasamula kutsogolo. Tinazipereka kwa mkulu wosoka nsapato pa Uliwa. Lachisanu, tsiku lonyamuka, mkuluyo anali ku maliro, atakhoma kabokosi kake ndi loko.

A Sajeni anagamula atakhala pa chishalo cha njinga. Iwo, Sisita ndi Tuntufye atsogole akalembetse mayina. Pulofesa atsale, atsatire Loweruka ndi nsapato.

"Mpikisano ndi Lamulungu, naini koloko ya kwawo, kuno ili eyiti," anatero. "Uli ndi tsiku lonse. Ngakhale iweyo sungalephere."

Mawu akuti ngakhale iweyo ndinawalandira ngati nyota yanga yoyamba ya usilikali.

Loweruka ndinafika pa Uliwa dzuwa likungotuluka, foni ili ndi moto theka chifukwa magetsi anathima dzulo lake. Wosoka nsapato anafika teni koloko. Anatsekula kabokosi, natulutsa nsapato imodzi, naizunguliza m'manja.

"Izi ndi za munthu kapena za ng'ombe, adada?"

"Za munthu. Akuzidikira ku Tanzania."

"Ndiye adikire. Msoko wothamangira umamasuka pothamanga."

Anasoka ndi ulusi wa m'tayala, akulavulira pa singano, akulonjera aliyense wodutsa mpaka kufunsa za ana, mbuzi ndi apongozi. Ine ndinakhala pa njerwa ndikuyang'ana minibasi zitatu zikunyamuka. Atamaliza ndinamanga zingwe za nsapatozo pamodzi n'kuzikoleka m'khosi, pakuti a Sajeni anandichenjeza kuti katundu wa ku buti amatsika yekha pa siteji imene wakonda.

Minibasi imene ndinakwera inkaoneka yodzaza. Nditangolipira, anthu asanu anatsika n'kukakhala pansi pa mtengo, chifukwa ntchito yawo inali kuoneka ngati apaulendo ndipo anali ataimaliza. Tinapita ku doko la Chilumba kukasaka anthu, tinabwerera pa Uliwa, tinapitanso ku doko. Pa ulendo wachitatu mayi wina wogulitsa zitumbuwa anandibayibitsa ngati m'bale wake. Tinanyamuka masana. Ine anandiika pa injini, nditayang'ana kumbuyo, mawondo anga ali pakati pa beseni la usipa ndi mayi mwini beseni. Pokhala chonchi ndinkaona nkhope zonse za m'galimotomo, ndipo zonse zinkaona nsapato.

Kondakitala ananena kanthu m'Chitumbuka, galimoto yonse inaseka. Ine ndinaseka mochedwa pang'ono, monga ndimachitira. Chitumbuka changa chimafika pa nthabwala anthu atabalalika kale.

Titadutsa Nyungwe, tayala lakumbuyo linaphulika. Dalaivala anatsika, naliyang'ana, nalimenya kaphazi kuti atsimikize. Tayala lapadera linalipo ndithu, kungoti linali m'minibasi ya mlamu wake imene inali ku Mzuzu. Kondakitala anagubuduza lophulikalo kulowera ku Ngara, ife tinakhala m'mphepete mwa msewu. Pasanathe mphindi khumi anthu anali atapezana. Uyu amadziwa azakhali a uyo, uyo anakwatira kwawo kwa uyu, chinangwa chophika chinayamba kuyenda m'manja. Chinafikanso kwa ine, pakuti anthu a kuno samana. Koma chinangwa chimafika msanga kuposa nkhani. Ndinadya nditakhala pa chulu, nsapato zili pa chifuwa ngati mapasa.

"Zikomo kwambiri, mayi," ndinatero kwa mwini chinangwa.

Bambo wina wa tayi yofwifwa, amene anakhala payekha atakumbatira envelopu yaikulu, anatembenuka msanga.

"Achimwene, zikomo ameneyo si wa kuno."

"Wa ku Kasungu."

"Ine wa ku Ntcheu. Sunthani ndikhale."

Anali a Kadzuwa, mphunzitsi pa sukulu ina cha ku Iponga. Ankachokera ku Mzuzu kukasiya kalata yopempha kuti awasamutsire kwawo. Envelopuyo inali ya makope a makalata a zaka zam'mbuyo. Anandifunsa za nsapato, ndinawafotokozera zonse, za kampu, za khumi oyambirira, za chidendene.

"Inunso muthamanga?"

"Anandilembetsa. Mpikisano uliwonse umafunika munthu womaliza, apo ayi okonza sadziwa nthawi yoweruka."

"Ndiye muli ndi udindo."

Tayala linabwera patatha maola awiri, litakwera njinga, kondakitala akuyenda pansi. Mlare ndi Lupembe tinadutsa ndili m'tulo ta pa injini, tulo towotcha kumunsi. Pa depoti ya Karonga tinafika dzuwa litapendeka. Anyamata oitanira anatikokera m'kagalimoto ka anthu asanu ndi awiri mmene tinalowa khumi, a Kadzuwa atakhala theka pa ine, theka pa chitseko. Mtengo wopita ku Songwe unali utakwera kuyambira m'mawa, ndipo chifukwa chake dalaivala anangoloza kumadzulo ndi chibwano. Kumapiri a Misuku kunali bii. Kumene tinali ife kunalibe ngakhale dontho.

Tinadutsa Kaporo bwinobwino. Tisanafike pa Iponga tinapeza mzere wa malole ataima, madalaivala atayala mikeka pansi pa matayala. Kutsogolo msewu unalowa m'madzi ofiira n'kukatulukira patali, pamene anthu a tsidya linalo ankaoneka ngati nyerere.

"Mvula yagwa kumtunda," anatero a Kadzuwa. "Kuno timangolandira. Zonse za kuno ndi choncho."

Ndinapita m'mphepete mwa madziwo kukachita kafukufuku. Ndinaponya kamtengo, kanapita osatsanzika. Anyamata amene amawolotsa anthu pamsana anali atakhala pa chitsa, manja ali m'khwapa. Ndinafunsa mmodzi ngati angandiwolotse.

"Lero yayi, abwana. Uyo wayesa."

Analoza bambo wina wonyowa mpaka m'khosi, atakhala pa mwala, akuyang'ana kumene thumba lake la shuga linalowera. Ndinaganiza za nsapato zobiriwira zikuyandama kupita kunyanja, imodzi kutsogolo, ina ikuitsatira. Ndinabwerera pa tala.

Sisita anali atagula layini ya ku Tanzania, ndiye ndinawalembera uthenga: "Ndakakamira pafupi ndi Iponga, madzi adula msewu. Nsapato zili bwino." Uthenga unapita. Ndikuganiza zowonjezera kuti inenso ndili bwino, foni inathima. Ndinaona kuti yachita bwino, pakuti zimenezo palibe anafunsa.

Tinadikira mpaka dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Anthu ankabaya kamtengo pamene madzi alekezera, n'kumabwera kudzakaona ngati wodwala. Madzi anakameza kamtengo koyamba, ndi kachiwiri komwe. Sukulu ya a Kadzuwa inali tsidya lino, ndipo anandiuza kuti kwawo kuli mkeka umene sunagonedwepo ndi mlendo. Tinayenda wapansi kudutsa m'minda ya nthochi. Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, mpando umodzi, kapu imodzi. Ine anandithirira tiyi m'botolo lodula. Chaja yawo sinalowe pa foni yanga. Mayi woyandikana nawo anabweretsa mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, nalonjera m'Chinkhonde, a Kadzuwa nayankha bwinobwino.

"Mumachitha," ndinatero.

"Moni yekha. Moni akatha timangoyang'anana." Anatafuna kanthawi. "Anzanuwo akudikira inuyo kapena nsapato?"

"Nsapato."

"Ndiye tili pamodzi. Ine kwathu amadikira mpunga. Ndikatsika basi pa Ntcheu ana amathamangira thumba, ine ndimalowa m'nyumba pambuyo pake ngati wonyamulira."

Tinaseka pang'ono, tinamaliza nthochi. Nsapato ndinagona nazo kumutu.

Kusanache bwino a Kadzuwa anandiperekeza kumsewu. Madzi anali atatsika, timitengo tonse tikuoneka, matope ali m'mitu. Ndinamanga nsapato pamutu ndi malaya, ndinagwira lamba wa mnyamata wowolotsa, tinalowa. Madzi anafika m'chiuno, ozizira, akukoka miyendo ngati ali nayo mawu. Nditafika tsidya linalo ndinacheuka. A Kadzuwa anali chiimire, tayi ili m'khosi ngakhale linali Lamulungu, atakweza dzanja. Ndinakweza langa. Nambala zathu sitinapatsane, foni yanga inali yakufa ndipo aliyense anachita manyazi kutulutsa cholembera.

Kabaza ananditengera ku Songwe, thalauzi likudontha pa sipoko. Pa chipata ndinali m'gulu la oyamba. Chiphaso changa cha pa malire chinadindidwa uku, ndinayenda pa mlatho, chinadindidwanso uko. Ndinasintha ndalama kwa mnyamata wa chikwama cha m'chiuno, ndinapititsa wotchi patsogolo ndi ola limodzi. Pa zonse zimene ndinataya pa ulendowu, ola limeneli ndi lokhalo limene linatayika mwalamulo. Nthawi inali itadutsa hafu seveni.

Kunayamba kuwaza. Ndinalowa m'bajaji, kanjinga ka matayala atatu kokhala ndi denga, ndipo woyendetsa anatsitsa malona a m'mbali. Ndinakhala pakati pa amayi awiri opita ku tchalitchi, amene anandilonjera m'Chiswahili, atalephera anayesa Chinyakyusa, atalepheranso anayamba kuyimba. Tikuyandikira pa mphambano ya Ibanda, pamene msewu wa ku Kyela umapatukira, mphepo inakweza lona pang'ono. Njinga yamoto inatidutsa ikulowera ku malire. Kumbuyo kwake kunali munthu wa juzi yofiira, mapazi aakulu opanda nsapato atalendewera m'mbali.

Ndinati mumtima: dziko lino lili ndi mapazi ambiri.

Pano ndiyenera kudziteteza pamaso pa owerenga. Ndinaganizadi za Tuntufye. Koma ndinagwiritsa ntchito maphunziro. Ndinati, munthu amene tsogolo lake likuyamba naini koloko sangalowere kolakwika nthawi ino. Ndinati, lamulo la mchira ndi la pa ngalande, pamene a Sajeni ali pambuyo ndi wezulo. Ndinati, munthu amakubwerera chifukwa wauzidwa. Mfundo zonsezi zinali zolongosoka bwino, ndipo ndinazitsitsira lona.

Ku Kyela ndinatsika itangodutsa eyiti. Bwalo linali lodzaza, zimkuzamawu zikulira, anthu a miyendo yowonda akudumphadumpha. A Sajeni ndinawaona msanga chifukwa anali munthu yekhayo woima chilili ngati mlongoti. Ndinapita kwa iwo, ndinavula nsapato m'khosi, ndinazipereka ndi manja awiri.

"Bwana, katundu wafika."

Sanazilandire. Ankayang'ana kumbuyo kwanga.

"Ali kuti?"

"Ndani?"

"Mutu."

Sisita Nabanda anali atagwira nambala ziwiri za pachifuwa ndi mapini pakamwa. Analavulira mapiniwo m'dzanja.

"Simunakumane? Ambuye. Uthenga wako uja ndinawawerengera dzulo. Mnzakoyo sanadye. Lero kusanache wavala juzi, akuti mchira uli m'madzi. Ndamuuza kuti ndapeza munthu wobwereka nsapato, zothina koma zolowa. Akuti za nsapato iye sakukamba."

"Osamuletsa?"

"Funsa abwana akowa."

A Sajeni anakanda kukhosi. "Ndikanamuletsa ndi pakamwa pati? Lamulo ndi langa. Ndamuuza kuti kuno ndi dziko lina, akuti ku usilikali munkasiya anthu mukawoloka malire?"

Tuntufye alibe foni. Ndipo tonse atatu tinkadziwa kuti mutu subwerera wopanda mchira. Akanaima pa mlathopo mpaka madzulo, naini koloko ikanamudutsa ali chiyang'anire ku Malawi.

Ndinaima ndi nsapato m'manja. Ndikanakonda kunena kuti ndinaganiza mwachangu, koma amene anaganiza ndi a Sajeni.

"Pakati pa iwe ndi iye, wafika woyamba pano ndani?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. "Zikuoneka ngati ndine, bwana."

"Ndiye ukuimiranji?"

Sisita anandipanikiza nambala ya Tuntufye m'thumba pamodzi ndi mapini. Yanga anatsala nayo. "Iyi ndikusungira, ukakalamba udzaonetse adzukulu." Anaimitsa wa njinga yamoto, namuuza mawu amodzi a Chiswahili amene anawaphunzira, haraka, kutanthauza fulumira, nawabwereza katatu ngati mankhwala.

Za msewu umenewo sindinganene zambiri chifukwa ndinatsinzina. Nditatsekula maso tinali pa malire. Tuntufye anali kumapeto kwa mlatho, mbali ya Tanzania, juzi itanyowa, akuimitsa aliyense wochokera ku Malawi. Ankaonetsa ndi manja kutalika kwa munthu, kenako n'kujambula magalasi pa nkhope yake ndi zala. Ndinaima kumbuyo kwake kamphindi. Sindinaonepo munthu akundifotokoza.

"Tuntufye."

Anatembenuka. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku thalauzi lamatope.

"Wadutsira nkhu?"

"M'bajaji. Ndafika mpaka ku Kyela."

"Wadya?"

"Vala nsapato."

Anakhala pa chitsulo cha mlatho, navala, nagwedeza zala m'katimo kuyesa msoko. Ine ndinkamubaya nambala pachifuwa mofulumira, mpaka pini imodzi inalowa pa munthu. Sanadandaule. Wotchi inati kwatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu. Tinathamangira pa njinga, iye anakwera, ine ndikukweza mwendo woyendetsa anagwedeza mutu. Analoza kutsogolo, nachita sawatcha, nakweza chala chimodzi. Tsiku la mpikisano apolisi anali mumsewu, awiri sakananyamula. Ndalama zimene ndinasintha zinali zokwana njinga yomweyo basi.

Tuntufye anatsika.

"Ndiye tiyende tonse."

"Kwera."

"Yayi. Mchira sausiya."

Pa zaka ziwiri ndi theka za ku koleji, ndikuganiza kuti zonse zinkandikonzekeretsa mphindi imeneyi. Ndinakonza magalasi.

"Tamvera. Ku Kyela wafika woyamba ndine, a Sajeni ndi mboni. Ndiye lero mutu ndine. Ndakubwerera, ndakupeza. Mchira ndiwe. Chaka chonse unandimvapo ine ndikutsutsa ukati chimbira?"

Anaganiza, milomo ikuyenda, akufufuza pamene ndamunamiza.

"Koma timafika limodzi."

"Ine ndafika kale. Watsala ndiwe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali kuposa imene tinali nayo. Kenako anakwera. Njinga inanyamuka, nsapato zobiriwira zili m'mbali, ndipo anacheuka kawiri asanabisike ndi malole.

Ndinatsala pa malire a mayiko awiri, m'khosi mopepuka. Osintha ndalama anandiyang'ana, naona kuti mwa ine mulibe malonda. Kumbuyo kunali Malawi ndi madzi ake, kutsogolo kunali Kyela. M'thumba munali foni yakufa ndi pini imodzi. Ndinamanga zingwe za nsapato zanga zonyowa, ndinayamba kuthamanga.

Palibe anaombera mfuti yoyambira. Naini koloko inandipeza ndili pakati pa malole oima, ndipo ndinayang'ana wotchi n'kunena kuti kaya. Mvula inasiya, dzuwa linatuluka, tala inayamba kufuka nthunzi. Mpunga wa kumeneko ndi wofanana ndi wa ku Hara, mbalame zake ndi zomwezo, ndipo m'munda wina munali munthu akuziingitsa ndi chitini. Ndinamukwezera dzanja ngati mnzanga wa ntchito. Sanandione. Pa Ibanda ndinapatuka, amayi ogulitsa nthochi anandiuza pole, pepani wa kumeneko, ndinayankha zikomo. Pambuyo pake ndinayenda pang'ono. Ndikulemba zimenezi kuti mbiri ikhale yoona. Ndinathamanganso, ndinayendanso, ntchafu zikupsa ndi thalauzi lonyowa. Kumanja kwanga kunalibe munthu, koma ndinazindikira kuti ndikuthamanga m'mphepete mwenimweni kumanzere, msewu wonse waukuluwo ndikuusiya.

Sindinkadziwa ngati anafika nthawi yake. Ndinkawerengera mphindi, n'kuzipeza zokwana, n'kuwerengeranso, n'kuzipeza zoperewera.

Itadutsa hafu teni, nyumba za Kyela zitayamba kuoneka patali, ndinaona kadontho kofiira kakubwera m'mphepete mwa msewu. Kankatsimphina pang'ono mwendo wakumanzere. Kanakula, kanamera nambala pachifuwa, kanamera nsapato zobiriwira. Anafika, natembenuka, nakhala kumanja kwanga. Ankanunkha thukuta la makilomita makumi awiri ndi imodzi.

"Chimbira, Pulofesa."

Ndinachimbira. Patapita kanthawi mpweya unandilola mawu amodzi.

"Nambala?"

Anatambasula dzanja limodzi lonse, ndi zala ziwiri za linalo.

"Anakuona mkulu wa kampu?"

"Enya," anavomera.

Masamu ndinalephera ku koleji, koma awa ndinawatha. Seveni ili m'kati mwa teni. Ndinamuuza kuti wachita bwino, ndipo ndinanena zoona. Kenako tinachimbira limodzi mpaka m'tauni.

Pa bwalo tinapeza anyamata akumasula nsalu ya pomalizira, mbali imodzi ili kale pansi. Tinadutsa pansi pa mbali yotsalayo. Palibe analemba kanthu. Sisita, amene anali atamaliza kale n'kusintha zovala, anandipatsa madzi ndi nambala yanga yosabayidwa. A Sajeni analiza wezulo kamodzi, anthu a ku Kyela anatembenuka kudabwa, ndipo iwo anati, "Nyama yafika yonse."

Tuntufye ananyamuka kupita ku kampu atakolola mpunga. Tinamuperekeza pa Uliwa, nsapato zili m'khosi mwake. Akuti kumapiriko kukuzizira ndipo akumudyetsa bwino. Uthenga umabwera kudzera pa foni ya mnzake, ndipo nthawi zonse umathera pa funso lakuti Pulofesa akuchimbira kapena wasiya.

Sindinasiye. Masiku amene Sisita alipo, mutu ndi iwo, ndipo amandibwerera akukamba za mbatata ya ku Dedza mpaka pa chitseko cha madzi. Koma sabata imene ali pa ntchito m'mawa, pa ngalande timakhala awiri, ine ndi a Sajeni pa njinga yawo. Tsiku loyamba ndinafika pa chitseko n'kukhala pansi. Wezulo inalira.

"Wafika woyamba ndani?"

"Ine, bwana. Womaliza ndinenso."

"Ndiye kamutenge."

Ndimabwerera mpaka pa mango wopendama uja, n'kutembenuka, n'kuyambanso. Chipupa cha ngalande ndi chopapatiza, malo ake ndi a anthu awiri othithikana. Ine ndimathamanga chakumanzere.